Dzino Silinama

Kuseri kwa sitolo ya bambo Desai ku Fordsburg
kuli tebulo langa, nyali yoyera, ulusi wa silika
ndi singano yowonda ngati tsitsi la khanda.
Chino n'chaka chachisanu ndi chiwiri ndikutunga ngale za eni.
Pakati pa ngale ndi inzake ndimamanga mfundo
kuti zisakhulane,
kutinso ulusi ukaduka, igwe imodzi yokha.

Tsiku loyamba anandiika ziwiri m'manja.
Anati, ikweche pa dzino.
Ina inaterera ngati sopo.
Ina inandigwira pang'ono,
ngati kamchenga kotsalira mu mpunga wopeta mofulumira.
Yamchengayo ndiye yeniyeni, anatero, nabwerera ku kauntala.

Zinazo ndinatola ndekha, kuona maso a nkhono n'kudekha.
Yeniyeni imayamba yazizira pakhungu
kenaka imabwereka kutentha kwako.
Zenizeni sizifanana, ngakhale zitachokera m'madzi amodzi.
Yabodza imaulula pabowo, pomwe utoto umasupuka.

Ilipo yobadwa yokha.
Kachilombo kanalowa m'chigoba osaodira,
mwini nyumba n'kumakakuta, kumakakuta, zaka,
mpaka chomupweteka chija chinayamba kuwala.
Ilipo yowetedwa.
Munthu anakanula chigoba ndi chitsulo,
naikamo kanjere, nachibwezera m'nyanja kuti chivutike.
Apa dzino limagonja, zonse ndi ngale,
kungoti bala linalo analicheka dala.
Yobadwa yokha ndinaigwirapo kamodzi,
bambo Desai ataima pambuyo panga osapuma.

Zakuda zimachokera ku zilumba zomwe sindidzapondako.
Si zakuda ngati makala ayi.
Itembenuzeni pansi pa nyali:
muli kubiriwira, muli kufiirira,
khosi la nkhunda za pa Bree,
oyilo woyandama pa chithaphwi mvula itakata.

Loweruka lapitali kunabwera Wedisoni wa ku Ntaja,
amene amadula kapinga m'mayadi a ku Houghton.
Anamva Chichewa changa pa foni, nasuzumira pa katani.
Achemwali, tandionerani ichi.
Anamasula kampango ngati mukhala mankhwala.
Mkanda wakuda, ngale makumi anayi,
zonse zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi.
Small Street, marandi mazana asanu ndi atatu,
wogulitsa analumbira pa manda a amake.
N'za mayi a ana, ndikwera basi Lachitatu,
papita zaka zitatu.

Ndinaziona ndisanazigwire.
Komabe ndinatenga imodzi, ndinaikwecha pa dzino,
mwina, mwina.
Sopo.

Makina a bambo Desai anali kulira kutsogolo,
panja matakisi akuimba mahutala.
Ndinaganiza za kapinga yense amene anagwa
kuti akwane marandi amenewo.
Ndinaganizanso zonama, pakuti bodza linali pafupi,
lofewa, losalipira.

Ndinati, achimwene, ili ndi galasi lopaka utoto.

Anakhala chete nthawi yotalika ngati mzere wa pa Beitbridge.
Anazitenga, naziyang'anitsa pa nyali yanga,
kenaka anaseka, kuseka kwa munthu woponda minga
pamaso pa apongozi.
Anati, Esinati sadzaziluma.
Anatinso, koma ndikamuuza ndekha,
angadzamve kwa ena.

Ulusi wake unali wa nayiloni, wowola kale pa ngowe.
Ndinaudula. Ndinatenga silika wa eni ake,
uja timasungira za ku zilumba,
ndinatunga galasi lake limodzi limodzi,
mfundo, mkanda, mfundo, mkanda,
makumi anayi,
iye atakhala pa kreti akundiuza mitengo ya feteleza.

Sindinamulipiritse.
Atapita ndinapeza kautoto kakuda pa dzino langa lakutsogolo,
ndipo ndinafika nako ku Mayfair madzulo
ndisanakumbuke kukachotsa.